Musamulande mwana botolo lake la Fanta pa Khirisimasi

Mwezi wa Disembala ukangofika, alangizi amachuluka. Pa wailesi, pa Facebook, m'magulu a pa WhatsApp, uthenga umakhala umodzimodzi: chepetsani kudya, pewani zonona, musanenepe ndi zikondwerero. Ambiri mwa malangizo amenewa amachita kuonekeratu kuti analembera anthu a kumayiko ozizira, amene nyengoyi imawapeza atadzitsekera m'nyumba, firiji ili tho, vuto lawo n'kusowa kothawira chakudya. Ife kuno Khirisimasi imatipeza m'dzinja. Chimanga chili m'mawondo, anthu ali kalikiliki kupalira, ndipo m'makomo ambiri nkhokwe yayamba kale kuoneka pansi. Januwale ndi Febuluwale, miyezi imene ufa umachita kuyezedwa pa kambale, ili pafupi kwambiri.

Ndiye munthu akaima n'kumauza Amalawi onse kuti adye pang'ono pa 25 Disembala, ine ndimafuna kumufunsa kuti akunena Amalawi ake ati. Kuli mwana ku Ntchisi kapena ku Phalombe amene chaka chonse wakhala akudya nsima ya masamba, usipa mwa apo ndi apo likakhala tsiku la msika. Pa Khirisimasi m'pamene mayi ake amaphika mpunga, tambala amene wakhala akudzutsa anthu pakhomo amagwetsedwa, ndipo iye amapatsidwa botolo lakelake la Fanta, losagawana ndi munthu. Amamwa pang'onopang'ono, chala atatseka nacho kukamwa kwa botolo, n'kuzungulira nalo mudzi wonse kuti anzake aone. Mwana ameneyu alibe vuto la kudya mopitirira muyeso. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko muno wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Ntchafu ya nkhuku imene mwanayu walandira tsiku limenelo ndi chakudya chimene thupi lake lakhala likuchisowa. Musiyeni adye, apatsidwenso ina ngati ilipo.

Khirisimasi yofunika kuikambirana ndi ina, yathu ife amene tili ndi bandulo yowerengera nkhani ngati ino. Yathu siyamba pa 25 ndipo sithera pa 26. Imayamba ndi phwando la kuntchito pakati pa mwezi. Kenako pamabwera zinkhoswe ndi maukwati, zimene mabanja amaziunjika mu Disembala podikira abale ochokera ku Joni ndi ku UK. Pa 24 ndi kanyenya, pa 25 ndi kwa makolo, pa 26 ndi tchuthi chinanso ndiye kunyanja, ku Salima kapena ku Mangochi. Tisanapume n'komwe pafika pa 31, ena kutchalitchi usiku wonse, ena kumalo omwera, ena konse kuwiri motsatizana. Ndipo alipo amene amaikoka mpaka pa 15 Januwale, tsiku la John Chilembwe. Umenewo ndi mwezi wathunthu wogona mochedwa, wodya nyama yootcha ndi chipisi cha pachiwaya, womwa zotsekemera m'malo mwa madzi. Mbale ya tsiku limodzi, ngakhale itadzaza bwanji, sinadwalitsepo munthu matenda a shuga. Chimene chimatipweteka n'kutalika kwa nyengoyi, komanso zinthu zimene timasiya kuchita ili mkati. Zimene timasiyazo ndi zimene alangizi aja sazitchula kawirikawiri.

Tisanafike kumeneko, manambala pang'ono. Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo mothandizana ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO unachita kafukufuku wotchedwa STEPS, ndipo unapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, BP monga timanenera tonse. Ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa. Matenda a shuga anapezeka mwa anthu oposa 5 mwa 100 alionse. Tanthauzo lake n'lakuti pa mkeka uliwonse wa Khirisimasi pamene pakhala akuluakulu asanu ndi mmodzi, mwina awiri ali ndi BP, kaya akudziwa kaya ayi. WHO imati mchere wa tsiku lonse usapitirire magalamu 5, kasipuni kamodzi ka tiyi. Tsono taganizani za nyama yathu ya pa chikondwerero: mchere poinyika, timakyubu tokometsera mumsuzi, kenako kambale ka mchere ndi kambuzi pambali kuti aliyense azitosa. Shuga nayenso, WHO imati wamkulu asapitirire magalamu 50 patsiku. Botolo lagalasi limodzi la Coca-Cola, la mamililita 300, lili ndi shuga wopitirira pang'ono magalamu 30, pafupifupi timasipuni 8. Mabotolo awiri basi, mwadumpha kale malire, musanawerengere tiyi wam'mawa ndi keke ya paukwati. Ndipo amene amathawira ku thobwa poganiza kuti apulumuka, akaone kaye kuchuluka kwa shuga amene amakhuthulidwa mumtsuko asanalipereke kwa alendo.

Koma ine nkhawa yanga yaikulu ili pa mankhwala.

Ndili ndi azakhali amene akhala akumwa mankhwala a BP kwa zaka zambiri, mayi wosamala, buku lawo la kuchipatala analikutira ndi pulasitiki. Disembala wina ndinawapeza akulongedza chikwama cha ulendo wa kumudzi: zitenje zatsopano za azilamu awo, shuga, sopo, mafuta ophikira, nsapato za adzukulu. Kabotolo ka mapiritsi anakasiya pawindo.

"Azakhali, mankhwalawa simukutenga?"

"Asiye pomwepo mwanawe. Ndayamba ndawapumitsa. Ndikumva bwinobwino ine."

Nditawafunsitsa m'pamene chifukwa chenicheni chinatuluka. Limodzi mwa mapiritsiwo ndi lokodzetsa, lija ambiri amayambira nalo akapezeka ndi BP. Ukalimwa m'mawa, sipatenga nthawi umafuna kotaya madzi. Iwo anali ndi ulendo wa maola ambiri pa basi imene siima poti munthu wapempha, kenako mapemphero a usiku, kenako chinkhoswe kumene anali ankhoswe aakazi oti sangamadzukedzuke pamaso pa anthu. Ndiye anaona kuti bola kusiya mankhwala kwa milungu iwiri kusiyana ndi kuchita manyazi. Sindinawaseke, chifukwa vuto lawolo linali lenileni. Koma BP siuza munthu kuti yakwera. Ukhoza kumamva bwinobwino mpaka m'mawa umene dzanja lakana kunyamula kapu, pakamwa papotoka. Ndipo iwo ankasiya mankhwala pa milungu yomweyo imene mchere, nyama yonona, kusagona ndi phokoso la abale zinali kudzachuluka. Tinagwirizana kuti tsiku la ulendo adzamwa akakafika, masiku ena onse monga mwa nthawi zonse, ndipo nkhani ya kukodzayo akaikambe ndi adokotala awo, popeza mitundu ya mankhwala a BP ilipo ingapo.

Azakhali anga sali okha. M'dziko muno muli anthu pafupifupi miliyoni imodzi amene ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo ambiri ali pa ma ARV oyenera kumwedwa tsiku ndi tsiku. Nyengo ya zikondwerero imawaika pa mayesero amene ena sitiwaona. Munthu wapita kwa apongozi kumene sanaulule za momwe alili, akugona chipinda chimodzi ndi azilamu atatu, chikwama chili poyera, ana akuchipekusa. Amaona kuti kuli bwino adumphitse masiku angapo kusiyana ndi kufunsidwa mafunso. Ena anamva kuti mowa ndi ma ARV zikakumana m'mimba zimasanduka poizoni, ndiye tsiku limene akufuna kumwa amasiya piritsi dala. Azaumoyo amanena zosiyana ndi zimenezo: kuledzera n'kosathandiza, inde, koma piritsi limwedwe ndithu, chifukwa kudumphitsadumphitsa ndi kumene kumapatsa kachilombo mpata wochulukananso ndi kuyamba kupima mphamvu ndi mankhwala. Kwa odwala shuga amene amabaya insulini kapena kumwa mapiritsi otsitsa shuga, ngozi yake ndi ina. Mowa wa pa mimba yopanda kanthu ukhoza kugwetsa shuga m'magazi, munthu n'kuyamba kutuluka thukuta, kunjenjemera, kulankhula zosamveka, kudzandira. Anzake amangoti waledzera, n'kumugoneka pa mpando wakumbuyo kwa galimoto kuti mowa uthe. Amene amamwa ndi mnzake wodwala shuga ayenera kuzidziwa zimenezi. Ngati akutha kumeza, apatsidwe chotsekemera msanga, apo ayi athamangire naye kuchipatala.

Njira yake yopewera zonsezi ndi yosavuta moti imachititsa manyazi kuilemba. Tsegulani buku la kuchipatala musananyamuke, onani tsiku lokatenga mankhwala, werengani mapiritsi amene atsala. Ngati tsikulo likugwera pakati pa tchuthi kapena mudzakhala muli kutali, pitani msanga mukafotokoze. Mankhwala alowe m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu amene akwezedwa pamwamba pa basi.

China chimene timasiya m'nyengoyi ndi ufulu wokana. Ife Amalawi chikondi timachionetsa ndi chakudya, ndipo kukana mbale ya munthu kuli pafupi ndi kumukana mwini wake. Tsiku la Khirisimasi ukhoza kuyendera makomo anayi: kwa makolo, kwa apongozi, kwa amalume, kwa aneba amene mumapemphera nawo. Paliponse mwafika, musanakhale n'komwe bwinobwino, mwana wabwera kale ndi botolo pa thireyi, wagwada, walitsegula. Latsegulidwa basi, mulibwezera kuti? Kenako madzi osamba m'manja. Mukanena kuti mwadya kale, yankho limakhala lodziwika: "Zimenezo munadya kwanu, kuno simunadye." Mukadya pang'ono: "Mwangolawa chabe? Kapena ndiwozi sizinakome?"

Mwambo umenewu sindikufuna uthe. Unabadwa m'nthawi imene mlendo ankafika atayenda wapansi mtunda wautali, njala ili m'mimba, ulemu ukumuletsa kupempha. Kumukakamiza kunali kumumasula. Koma mlendo wa lero wafika pa galimoto, wachokera pa mbale ina mphindi makumi atatu zapitazo, ndipo mwina m'thumba mwake muli mapiritsi a shuga. Ndaona kuti mawu amene amagwira ntchito kwa amayi achikulire si akuti "ndakhuta," amenewo amawatenga ngati manyazi. Amene amamveka ndi akuti, "Amayi, zakoma kwambiri, koma adokotala anandiletsa zotsekemera." Dzina la dokotala salimbana nalo. Enanso ndi akuti, "Mundikulungireko ndikadye madzulo ndi ana." Pamenepo mwalandira mphatso yawo, nkhope yawo yawala, m'mimba mwanu mwapulumuka.

Mbali yaikulu ili kwa ife olandira alendo. Tifunse tisanatsegule botolo. Pa tebulo pakhale jagi ya madzi abwino akumwa, chifukwa anthu ambiri amamwa zoziziritsa kukhosi zitatu zinayi osati poti akuzifuna, koma poti ali ndi ludzu ndipo palibe wawapatsa madzi. Chakudya chikhale m'mabakuli kuti aliyense adzipakulire yekha. Munthu akati zakwana, timve.

Tsopano mowa. Ine ndimamwa, ndiye musayembekezere ulaliki. Mowa ndi gawo la chikondwerero chathu kuyambira kale, masese a m'mudzi ankafululidwa kudakali masiku angapo kuti adzapse pa tsikulo. Fakitale ya Carlsberg inatsegulidwa ku Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa dziko la Denmark, ndipo ngakhale inagulidwa ndi kampani ya Castel mu 2016, pa kauntala timaitanabe Green monga ankachitira bambo athu. Vuto limene ndimaliona silili m'botolo loyamba kapena lachiwiri. Lili m'kachitidwe kathu kogulirana maraundi. Mwakhala anthu asanu ndi mmodzi, woyamba waponya raundi. Ulemu ukufuna kuti aliyense abweze. Ndiye musanayambe n'komwe, nonse mwalembedwa kale mabotolo asanu ndi limodzi, kaya mumawafuna kaya ayi. Choipa china n'chakuti liwiro limayendera amene amameza msanga pagulupo. Iye akangotsitsa lake amakodola woperekera, inu lanu lili pakati, lina lafika kale, lachitatu likutuluka thukuta pambali. Kunyamuka usanagule raundi yako n'kudzipezera dzina. Choncho munthu amene anatuluka m'nyumba ndi maganizo omwa awiri amabwerera atamwa asanu ndi atatu, popanda amene wamukakamiza ndi mawu.

Anzanga ena ndinagwirizana nawo kuti aliyense azidziitanira yekha, bilu tidzagawane kumapeto. Poyamba zinkaoneka zachimidzi kwa ena, zaumbombo kwa ena. Koma machezawo sanachepe, nkhani za mpira zimatsutsidwabe mokuwa momwemo, kungoti anthu amafika kunyumba akudziwa njira imene adzera.

Chiwindi chili ndi liwiro lake limene sitingalisinthe. Chimatha kuchotsa mowa wa pafupifupi botolo laling'ono limodzi pa ola, mwinanso kuchepera apo. Khofi wakuda sachifulumizitsa, kusamba madzi ozizira ayi, ngakhale msuzi wa mang'ina umene timaukhulupirira kwambiri. Umakoma, umabwezeretsa madzi ndi mchere m'thupi, koma mowa umene uli m'magazi umakhalabe momwemo. Munthu amene wasiya kumwa 3 koloko m'bandakucha n'kudzuka 6 koloko kuti ayendetse banja kupita kunyanja, amati ali ndi matsire, koma zoona zake n'zakuti akadali woledzera. Ndipo akulowa mumsewu wa M1 wa m'dzinja, woterera, wokumbika, wodzaza ndi maminibasi othamangira maulendo ambiri poti ino ndiyo nyengo yokolola ndalama, ndi akabaza a njinga zamoto atakweza anthu atatu opanda zipewa. Chaka chilichonse apolisi amachenjeza za ngozi za nyengoyi, ndipo chaka chilichonse timalira maliro amene akanapeweka. Kunyanja nakonso, mowa ndi kusambira sizigwirizana, makamaka kwa ife a kumtunda amene madzi timawadziwira m'bafa.

Pali mowa wina umene sindiuika n'komwe m'gulu la chisangalalo. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma unangosintha chovala n'kubwerera m'timabotolo tapulasitiki timene achinyamata amatitchula kuti midoli, totchipa kuposa buledi. Kachasu naye mphamvu yake siidziwika, amene watchezedwa lero safanana ndi wa mawa, ndipo alipo ogulitsa amene amathiramo zinthu zina kuti aziluma. Mu 2024 anthu angapo anamwalira mumzinda wa Blantyre atamwa mowa wa mtundu woterewu. Mnyamata amene wapatsidwa ndalama ya Khirisimasi ndi amalume ake obwera ku Joni, nthawi zambiri kumeneku ndi kumene imakathera. Amalume amenewo akanachita bwino kumugulira nsapato.

Chinanso chimene timachiiwala chifukwa cha chimwemwe ndi chakuti ino ndi nyengo ya mvula, ndipo mvula imabwera ndi matenda ake. Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unafika poipitsitsa cha mu Disembala chaka chomwecho ndi Januwale 2023. Anthu oposa 58,000 anadwala, oposa 1,700 anamwalira, ndipo sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira teremu. Unali mliri wa kolera woopsa kuposa ina yonse imene dziko lino linaonapo. Kolera imakonda malo amene anthu asonkhana n'kumadyera pamodzi, ndipo zikondwerero zathu zimaipatsa zonse zimene imafuna. Taonani mmene timasambira m'manja pa phwando la kumudzi. Beseni limodzi limayambira kwa agogo aamuna, lipite kwa amalume, kwa alendo, mpaka likafike kwa ana madzi atasanduka a mtundu wina, ndipo aliyense akukhulupirira kuti wasamba. Kusamba kwenikweni n'kothirirana, madzi akuchokera m'jagi kugwera m'beseni, sopo ali pomwepo. Sobo amene tikusungunulira ana, madzi ake achokera kuti? Ngati ndi a pachitsime chimene madzi a mvula akulowamo, awiritsidwe kapena athiridwe klorini. Chimodzimodzi madzi otsukira kabichi ndi tomato wa saladi, chakudya chokhacho pa tebulo chimene sichinaone moto.

Ndiye pali mpunga wotsala. Pa Khirisimasi timaphika wambiri dala, poti kuperewera n'chamanyazi. Poto wamkulu amatsala theka, amavundikiridwa, n'kugona pa mbaula yozima kapena m'firiji imene magetsi ake anathima masana. Kunja kukutentha, chinyezi chili paliponse. Mpunga wophika ukakhalitsa malo ofunda, tizilombo tina timene sitifa pophika timachulukana n'kusiya poizoni amene ngakhale mutautenthetsanso satha. Ana amene amatsegula m'mimba ndi kusanza pa 26 nthawi zambiri sanalodzedwe ndi munthu, wawapweteka ndi mkute. Ngati palibe pozizira podalirika, bola kugawira aneba madzulo omwewo. Ndipo m'nyumba musasowe mapaketi a Thanzi ORS. Akasowa, lita imodzi ya madzi owiritsa, timasipuni 6 ta shuga tosadzaza mophiri ndi theka la kasipuni ka mchere zimagwira ntchito pamene mukuthamangira kuchipatala.

Za udzudzu ndingodutsa. Alendo akachuluka, ana amasamutsidwira pabalaza, pa mkeka, neti n'kutsala kuchipinda kumene kwagona akuluakulu. Patatha sabata ndi theka, sukulu itangotsegulira, malungo aja abwera. Neti yapadera ilowe m'chikwama cha ulendo pamodzi ndi zovala za ana.

Mwina pofika pano mukuona ngati ndikufuna Khirisimasi ya madzi ndi mapiritsi. Ayi ndithu. Nyengoyi ili ndi zokoma zambiri zimene timazinyoza chifukwa choti n'zaulere. Mango ali mbwee, dodo, maboloma, mpaka kuwolera pansi pa mitengo, ife tili pa mzere m'sitolo kugula juwisi wa m'katoni amene mango wake ndi fungo lokha. Mvula yoyamba imatulutsa ngumbi, ndipo amene anadyapo zokazinga bwino, zouma kuti khirikhiri, sangazisinthanitse ndi makirisipi. Bowa ali m'misewu yonse, kungoti agulidwe kwa amayi amene amamudziwa, osati kuzula mwachisawawa, poti wina amapha. M'minda mwamera bonongwe, luni, chisoso, nkhwani wanthete woti ukatendera umaiwala kuti pali nyama. Koma taonani tebulo la Khirisimasi la m'tauni: nkhuku, ng'ombe, soseji, chipisi, mpunga, makaroni. Masamba palibe, kupatula kabichi womira m'mayonezi. Tinadziuza kuti ndiwo zamasamba ndi chizindikiro cha umphawi, ndiye pa tsiku lalikulu zisaoneke. Chodabwitsa n'chakuti mukaika mbale ya nkhwani wotendera pakati pa nyama zonsezo, ndi imene imayamba kutha, ndipo oyamba kuithamangira ndi abale aja obwera kunja amene akhala akuilota chaka chonse.

Nkhuku yake ikhale ya lokolo ngati thumba likulola, yophika pang'onopang'ono ndi tomato ndi anyezi mpaka msuzi utagwirana, mpunga wake wa Kilombero wa ku Karonga umene fungo lake limafika kwa aneba. Mbale yotereyi idyedwe mosadziimba mlandu, ndi manja, mafupa aphwanyidwe. Imaposa kutali nyama yowauka kunja, yofiira mkati, imene timaimeza chiimire usiku pakati pa utsi ndi phokoso osaimva n'kukoma komwe. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo ine ndimaumva mwambiwu ngati langizo la kadyedwe kabwino: sankha chimene ukuchikondadi, uchidye mokhutira, zinazo zipite.

Makolo athu chikondwerero ankachivina. Ku Nkhata Bay atsikana amavina chilimika polandira chaka chatsopano, amuna ndi malipenga, m'chigawo chapakati mganda ndi chimtali. Munthu ankadya kwambiri, inde, koma ankathera masana onse pabwalo thukuta lili kamukamu, atayenda wapansi kuchokera mudzi wina, ndipo m'mawa mwake khasu linali kumudikira. WHO imati wamkulu azigwiritsa ntchito thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Wa kumudzi amazikwanitsa Lolemba lisanathe. Ndife a m'tauni amene timachoka pa mpando wa galimoto kupita pa mpando wapulasitiki, n'kumaonera ena akuvina tikujambula pa foni. Mukapita kumudzi chaka chino, tengani khasu m'mawa umodzi mukathandize kupalira, anthu akusekeni mmene mukugwirira. Paukwati nyimbo ikalira, dzukani musanaitanidwe ku perekaniperekani.

Chotsala ndi ndalama, ndipo imeneyinso ndi nkhani ya umoyo ngakhale sioneka choncho. Olemba ntchito ambiri amalipira msanga mu Disembala, tsiku la Khirisimasi lisanafike. Zimakoma, koma zikutanthauza kuti malipiro otsatira ali kutali, milungu isanu kapena isanu ndi umodzi. Magulu ambiri a banki m'khonde amagawananso ndalama mwezi womwewu, ndiye kwa masiku ochepa aliyense amaoneka wolemera. Kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yooneka yambiri m'manja imatha usanaimvetse. Januwale akafika, fizi ikufunika, lendi ikufunika, kumudzi akuimba foni kuti chimanga chayamba chikasu, feteleza wobereketsa sanagulidwe. Banja limene linadya nyama masiku khumi otsatizana limalowa mwezi wa bonya ndi masoya pisi, ena mpaka kudya kamodzi patsiku, bambo ali kwa akatapila. Mankhwala a BP akasowa kuchipatala cha boma, ndalama yokagulira ku famase palibe. Kusagona kwa Januwale, kwa munthu amene akuwerengera ngongole ali chigonere, kumakweza magazi kuposa mchere wa pa kanyenya uja. Ndipo feteleza amene sanagulidwe mu Januwale ndi njala ya chaka chamawa.

Kwathu timachita motere. Tsiku limene malipiro a Disembala alowa, tisanagule chilichonse chonunkhira, timalipira fizi ya teremu yachiwiri, timatumiza ya feteleza kumudzi, timagula thumba la chimanga, nyemba, mafuta ndi mankhwala a mwezi wamawa. Zotsalazo ndiye za chikondwerero, ndipo timazidya popanda kuyang'ana m'mbuyo. Nyama timasonkherana mbuzi imodzi ndi mabanja awiri oyandikana nawo. Zakumwa ndi kireti imodzi ya ana, imodzi ya akuluakulu, ndipo alamu anga akayamba kudandaula kuti mowa wachepa, ndimawalozera njira ya kugolosale, n'kuwalanda makiyi a galimoto kuti apite wapansi.